Ana a nkhanu za m'thamanda amakulira kunyanja, nanga amabwerera bwanji?

Nkhanu zomwe ambiri timazidziwa, za m'mitsinje ya kwathu ndi za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zimalera ana. Mayi amaikira mazira ochepa koma akuluakulu, n'kuwafungatira kunsi kwa mimba mpaka ataswa. Chotuluka m'dziramo ndi kankhanu kenikeni, kamiyendo yake yonse, ndipo kamayamba kakhala pa mayi wake kasanayambe kudziyendera. Nkhanu zimenezi, za mtundu wa Potamonautes, zimabadwa, kukula ndi kufa m'madzi omwewo opanda mchere.

Nkhanu zambiri za m'mbali mwa nyanja yamchere sizitero. Mayi amanyamula mazira ankhaninkhani, ang'onoang'ono zedi, ndipo akaswa palibe zolera: timphutsi timangomwazikira m'madzi. Makolo amakhala m'matope a m'thamanda kapena m'matsiriro a mtsinje, koma ana amakakulira kunja, panyanja penipeni, nthawi zina pamtunda wa makilomita makumi angapo kuchokera kugombe, kenaka n'kubwerera. Kachilombo ka mamilimita ochepa chabe, kosatha kusambira kupitirira masentimita ochepa pa sekondi, kamadutsa pakhomo pomwe madzi amatha kuthamanga mita yathunthu pa sekondi, popita ndi pobwera pomwe. Mphamvu zolimbana ndi madziwo kalibe. Chomwe kali nacho ndi kudziwa nthawi yokwera pamwamba pa madzi ndi nthawi yotsikira pansi.

Thamanda lomwe tikunena pano ndi madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja yamchere, otchingidwa ndi mzere wa mchenga, okhala ndi khomo lopapatiza lotulukira kunyanja. Kum'mwera kwa Mozambique kuli la Bilene, ku KwaZulu-Natal kuli la Kosi Bay ndi la St Lucia, ndipo ku Portugal kuli la Ria de Aveiro, lomwe lafufuzidwa kwambiri pankhani imeneyi. Mitsinje imathiramo madzi opanda mchere, nyanja imalowetsamo amchere, choncho mchere wa m'thamanda sukhazikika. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. M'thamanda, mvula ikagwa yambiri kumtunda, mcherewo umasungunuka mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Chilala chikavuta, umapitirira wa m'nyanja.

Chinanso chomwe kunyanja ya Malawi sitichiona ndi kudzaza ndi kuphwera kwa madzi tsiku ndi tsiku. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi a m'nyanja yamchere, moti m'magombe ambiri madzi amakwera kawiri n'kutsika kawiri patsiku, ndipo kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi ngati 25. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso masiku omwe wafa, madzi amadzaza kwambiri n'kuphweranso kwambiri. Ku Beira kusiyana kwake kumapitirira mamita 6. Pakhomo la thamanda, madzi amalowa kwa maola ngati 6, kuima pang'ono, n'kutuluka kwa maola ngati 6. Chinthu chongoyandama chimangopita n'kubwera osafika patali. Koma madzi sayenda liwiro limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pafupi ndi matope amachita kukwawa chifukwa nthaka imawagwira, pamwamba ndiye amathamanga. Ulendo wonse wa timphutsi wagona pa kusiyana kumeneku.

Timphutsito sitioneka ngati nkhanu n'komwe. Koyamba kutuluka m'dzira, komwe akatswiri amakatcha zoea, kali ndi maso awiri akuluakulu, mchira wautali wopindika, munga wautali pamsana ndi wina woloza pansi kutsogolo kwa mutu. Thupi lake ndi loonekera mkati. Mu 1802 katswiri wa ku France, Louis Bosc, anakalemba ngati mtundu wa nyama pawokha, ndipo pambuyo pake William Leach wa ku England anachita chimodzimodzi ndi kachilombo kena komwe anakatcha megalopa. Yemwe anazindikira kuti tonseti ndi nkhanu zomwe zikukula anali John Vaughan Thompson, dokotala wa asilikali yemwe ankakhala ku Cork, ku Ireland. Iye anaona ndi maso ake mazira a nkhanu akuswa zoea, n'kulemba zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820. Anzake sanamukhulupirire msanga. Mu 1835 John Westwood anamutsutsa poyera, ndipo umboni wake unali nkhanu ya ku West Indies yomwe ana ake amaswa ali kale ndi maonekedwe a makolo awo. Palibe yemwe ananama pa awiriwa. Westwood anangogwira nkhanu yolera ana, n'kuganiza kuti nkhanu zonse zili choncho.

Zoea amakula pofundula chigoba. Nkhanu yobiriwira ya ku Ulaya, Carcinus maenas, imadutsa magawo anayi a zoea. Nkhanu yam'matope ya m'nyanja ya India, Scylla serrata, imadutsa asanu. Nkhanu yabuluu ya ku America, Callinectes sapidus, imadutsa asanu ndi awiri, ndipo izi zimaitengera mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Pambuyo pake pamabwera megalopa, yemwe tsopano ali ndi timanja topanira ndi miyendo yoyendera, koma mchira wake ukadali wotambasuka ndipo amasambirira womwewo. Zoea ndiye amatuluka m'thamanda, megalopa ndiye amabwerera.

Nkhanu yam'matope ija ndi yomwe asodzi a m'magombe a Mozambique, Tanzania, Kenya ndi Madagascar amaifukula m'maenje pakati pa mitengo ya mangrove, yomwe imamera m'matope a madzi amchere, ndipo ina imalemera kupitirira makilogalamu 2. Yokhwima imapirira pafupifupi chilichonse: madzi amchere wambiri, amchere wochepa, ngakhale kukhala maola ambiri kunja kwa madzi. Ana ake ndi ena. Mu 1974 Burke Hill, yemwe ankafufuza nkhanuzi ku South Africa, anaika zoea ongoswa kumene m'madzi amchere wosiyanasiyana, n'kupeza kuti ambiri amafa mchere ukatsika pansi pa magalamu 17.5 pa lita, yomwe ndi theka la mchere wa m'nyanja. Apa ndiye pali chifukwa choyamba chotulukira. Mayi akatenga mazira, omwe amakwana mamiliyoni angapo, amachoka m'matope n'kusambira kulowera kunyanja. Patapita zaka 20, Hill yemweyo anasonkhanitsa malipoti a sitima zokoka makoka kumpoto kwa Australia, ndipo anapeza kuti nkhanu zazikazi za mtunduwu zimagwidwa kutali ndi gombe, ina mpaka pamtunda wa makilomita 95. N'chifukwa chake msodzi akhoza kukalamba akufukula nkhanu m'mangrove koma n'kumangoona mwa apo ndi apo yonyamula mazira.

Chifukwa chachiwiri ndi adani. Thamanda ndi modzaza tinsomba tating'ono todya tizilombo ta m'madzi, ndipo timasaka ndi maso, masana. Minga ya zoea ija imathandiza, chifukwa kansomba kakamwa kakang'ono kamalephera kumeza, koma sikokwanira.

Nkhanu zing'onozing'ono za m'matope, monga zija zamphongo zake zimakhala ndi dzanja limodzi lalikulu lomwe zimakupiza ngati zikuitana munthu, sizingathe ulendo wa makilomita. Izo zimadalira nthawi. Mayi amatuluka m'una wake usiku, madzi atadzaza mpaka pamapeto, makamaka masiku omwe kudzaza kwakula, n'kugwedeza mimba mwamphamvu kuti mazira aswe onse pakamodzi. Madzi akangoyamba kuphwera amatenga timphutsito n'kutuluka nato kukadali mdima, ndipo pofika m'mawa tili kutali ndi tinsomba ta m'mbali. John Christy wa ku Smithsonian Tropical Research Institute ku Panama ndi Steven Morgan anaonetsa kuti mitundu yambiri ya nkhanu imachita zimenezi, ndipo yomwe timphutsi take n'tosavuta kuoneka ndi yomwe imasunga nthawiyi mosaphonya. Pa chilumba cha Inhaca, pafupi ndi Maputo, ofufuza otsogozedwa ndi José Paula anatchera maukonde osefa pakhomo la mangrove n'kupeza zofanana: zoea ongoswa kumene amatuluka ambiri ndi madzi ophwera.

Koma madzi omwe atuluka amabwereranso pakatha maola 6. Kuti kasabwezedwe, zoea kamakwera pamwamba pamene madzi akutuluka, ndipo akayamba kulowa kamatsikira pansi pomwe madzi akukwawa. Zili ngati munthu wodikira matola m'mbali mwa msewu: galimoto yopita kwina amaileka idutse, yopita kwawo amaikwera, ikafika pokhotera iye n'kutsika kudikira ina. Kakachita choncho maulendo angapo, kafika kunyanja osasambira ngakhale mita imodzi motsutsana ndi madzi.

Funso lomwe linavuta linali lakuti kachilomboka kamadziwa bwanji kuti madzi akutuluka, poti kali mkati mwa madzi omwewo ndipo gombe sikaliona. Mu 1996 Chaoshu Zeng ndi Ernest Naylor, ku Wales, anaika zoea a nkhanu yobiriwira m'mabotolo ataliatali, mumdima, momwe munalibe mafunde kapena kusintha kulikonse. Timphutsito tinkakwera ndi kutsika tokha pa maola 12 ndi mphindi zingapo alionse, ndipo tinkakwera pa nthawi yomwe kugombe madzi amakhala akuphwera. Ngakhale toswedwera momwemo, tomwe sitinalawepo nyanja, tinkachita zomwezo. Wotchiyo timabadwa nayo.

Si nkhanu zonse za m'matsiriro zomwe ana ake amatulukira kunyanja. Kankhanu kena ka m'matsiriro a mitsinje ya ku America, Rhithropanopeus harrisii, kamagwiritsa ntchito wotchi yomweyo mobwerera. Thomas Cronin ndi Richard Forward anaonetsa mu 1979 kuti timphutsi take timakwera ndi kutsika m'njira yoti tisachoke mumtsinje. Timapirira madzi amchere wochepa, ndiye palibe chotithamangitsa. Luso ndi lomwelo, kusiyana kwake ndi nthawi yokwerera basi.

Kunyanja zinthu zimasintha. Kutali ndi gombe kudzaza ndi kuphwera kulibe mphamvu yoloza mbali imodzi, ndipo wolamulira ndi mphepo. Pano mpofunika kudziwa chinthu chimodzi chosayembekezeka: mphepo ikaomba panyanja kwa masiku, madzi apamwamba sapita komwe mphepoyo ikupita. Chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, amapatukira kudzanja lamanja la mphepo kumpoto kwa equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati), ndi kudzanja lamanzere kum'mwera kuno. Ndiye kuti mphepo yoomba motsatira gombe ikhoza kukankhira madzi apamwamba kumtunda kapena kuwakankhira kutali, malinga ndi komwe ikuchokera.

Nkhanu yabuluu ya m'magombe a Delaware ndi Chesapeake ku America ndi yomwe yadziwika bwino pa zimenezi, makamaka kudzera mu ntchito ya Charles Epifanio wa ku University of Delaware. Zoea ake amakhala pamwamba penipeni pa madzi usana ndi usiku. Madzi otuluka m'mitsinje amawatengera kum'mwera motsatira gombe. M'nyengo yotentha mphepo yochokera kum'mwera imayendetsa madzi ena kulowera kumpoto, n'kuwabweza kufupi ndi komwe anachokera. Nyengo ikamatembenuka, mphepo zamkuntho zochokera kumpoto zimakankhira madzi apamwamba kugombe ndi kuwalowetsa m'matsiriro, ndipo megalopa amafika ambiri pakamodzi masiku otsatira mphepozo. Ku Portugal, Henrique Queiroga ndi anzake anapeza zofanana ku Ria de Aveiro: mphepo yochokera kumpoto ikalimba imakankhira madzi apamwamba kutali, ndipo megalopa amachuluka pakhomo la thamanda pamene mphepoyo yaleka kapena yatembenuka. Palinso njira ina yomwe Alan Shanks anaiona ku California mu 1983. Mafunde oyenda mkati mwa madzi, osaoneka pamwamba, amasiya mizere yosalala panyanja momwe zoyandama zimasonkhana, ndipo mizereyo ikamayenda kupita kugombe imatenga megalopa omwe ali momwemo.

Gawo limeneli ndi la mwayi, ndipo ambiri amathera pomwepa. Mwa mazira mamiliyoni a mayi mmodzi, ofika pokhala nkhanu yokhwima ndi owerengeka pa zala. Obwerera nawonso sikuti amabwerera kuthamanda lomwe makolo awo ali. Amalowa khomo lomwe madzi awafikitsa. Nkhanu yobiriwira ya ku Ulaya, itafika ku San Francisco ku America cha m'ma 1989, inafalikira mpaka ku Oregon, Washington ndi British Columbia ya ku Canada pambuyo pa El Niño wa 1997 ndi 1998, pamene madzi ofunda anayenda mwamphamvu kulowera kumpoto atanyamula timphutsi take.

Kulowa m'thamanda ndi komwe kumandisangalatsa kwambiri, chifukwa apa wotchi yobadwa nayo siikwanira, ndipo megalopa amachita kumvetsera madzi. Forward ndi anzake ku Duke University Marine Laboratory, ku Beaufort m'chigawo cha North Carolina, anazifufuza mwatsatanetsatane pa nkhanu yabuluu. Megalopa akafika pakhomo amakhala pansi, atakakamira mchenga kapena udzu wa m'madzi. Madzi a m'nyanja akayamba kulowa, mchere umakwera pang'onopang'ono, ndipo kukwera kumeneko, ngakhale kochepa zedi, ndi komwe kumamudzutsa kuti asambire kupita pamwamba. Atafika pamwamba sangadziwenso za mchere, poti akuyenda limodzi ndi madzi omwewo. Chomwe chimamusunga akusambira ndi kuvunduka kwa madzi othamanga. Kudzaza kukafika pamapeto madzi amadekha, iye n'kumira, n'kugwira pansi. Madzi akamatuluka amavundukanso, koma mchere umakhala ukutsika, ndiye sadzuka. Masana sayenda ngakhale madzi akulowa: fungo la madzi a m'thamanda limachititsa kuti kuwala kumufooketse kusambira, chinthu chomwe sichichitika akakhala m'madzi a kunyanja. Choncho amalowa usiku wokhawokha, pang'onopang'ono, masiku angapo.

Fungo lomwelo limamuuzanso pofundulira. Megalopa wosungidwa m'madzi a kunyanja amachedwa kusanduka nkhanu, koma akamva fungo la udzu wa m'madzi kapena la madzi a m'matsiriro amafulumira. Akafundula komaliza, mchira umapindikira kunsi kwa mimba, ndipo ndi kankhanu ka mamilimita ochepa komwe sikadzayandamanso.

Zonsezi zimatheka pokhapokha khomo likhale lotseguka, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno limeneli ndiye vuto. Matsiriro ambiri a ku South Africa, oposa magawo awiri mwa atatu, amatsekeka ndi mchenga nyengo zina, n'kutseguka mitsinje ikadzaza. Nkhanu za kumeneko zinazolowera kutsekeka kwa miyezi. Kutsekeka kwa zaka ndi nkhani ina. Ku St Lucia, thamanda lalikulu kuposa onse m'dzikomo, mtsinje wa Mfolozi unapatutsidwa mu 1952 n'kupatsidwa khomo lakelake, chifukwa matope omwe mtsinjewo unkabweretsa, madambo ake atasandutsidwa minda ya nzimbe, ankakwirira khomo lakale. Thamanda linataya madzi omwe ankathandiza kutsegula mchenga. Chilala chitabwera, khomo linatsekeka mu 2002. Linatseguka mu Malichi 2007 chifukwa cha mafunde akuluakulu a namondwe wa Gamede, n'kutsekekanso patangopita miyezi ingapo. Pa zaka zimenezo mbali yaikulu ya thamanda inauma, ndipo m'malo ena mchere unapitirira wa m'nyanja kangapo. Zamoyo zomwe ana ake amakulira kunyanja, nkhanu ndi nkhanu zam'madzi zamchira zomwe zimagulitsidwa ngati prawns, zinasowa olowa m'malo, ndipo usodzi wa prawns kunja kwa matsiriro a mtsinje wa Thukela, kum'mwera kwa St Lucia, unagwa nawo. Mfolozi anayamba kulumikizidwanso ndi thamanda mu 2012, ndipo mu Januwale 2021 oyang'anira iSimangaliso Wetland Park, malo otetezedwa momwe muli thamandali, anakumba mchenga ndi makina kuti khomo litseguke, chinthu chomwe akatswiri ena anachitsutsa.

Ine ndimaona kuti pamikangano yotereyi, ya alimi ofuna madzi achoke m'minda, asodzi ofuna nsomba ndi osunga zachilengedwe ofuna zinthu ziziyenda zokha, funso la nthawi limaiwalika. Kukumba khomo n'kulisiya litsekeke patatha masiku awiri kumaphwetsa madzi, koma sikulowetsa megalopa ngati si nyengo yawo, kapena ngati khomolo silinakhale lotseguka mpaka usiku wa madzi odzaza kwambiri.

Ku Chesapeake vuto linali mbali ina ya ulendowu. Nkhanu zabuluu zazikazi zikakwatiwa zimatsikira kukhomo la nyanja, m'chigawo cha Virginia, n'kudzikwirira m'matope nyengo yozizira kudikira kuswa. Asodzi ankazikokolola pomwepo. Nkhanu zitachepa kwambiri, mu 2008 Virginia inaletsa usodzi umenewu wa m'nyengo yozizira, ndipo chigawo choyandikana nacho cha Maryland chinachepetsanso kugwira zazikazi. Zazikazi zinachulukadi, koma chiwerengero cha ana chimakwerabe ndi kutsika chaka ndi chaka. Kalembera wa 2022 anapeza nkhanu pafupifupi 227 miliyoni, chiwerengero chotsikitsitsa kuyambira pomwe kalemberayu anayamba mu 1990. Lamulo likhoza kuteteza amayi, koma mphepo ya kunyanja sililamula.

M'magombe a kum'mawa kwa Africa, anthu ena tsopano amanenepetsa nkhanu yam'matope m'makola a m'mangrove n'kumagulitsa kumahotela ndi kwa amalonda otumiza kunja. Ku Vietnam ndi ku Philippines kuli malo oswetsera nkhanuzi, komwe zoea amaleredwa m'matanki amadzi amchere woyezedwa bwino n'kumadyetsedwa tizilombo tochita kuweta, ndipo ngakhale kumeneko ambiri amafa asanafike pa megalopa. Kuno ambiri onenepetsa nkhanu amatola zazing'ono kapena zowonda m'matope momwemo, moti malonda awo amadalira megalopa omwe analowa chaka chapitacho, ndiponso nkhanu zazikazi zomwe zinapulumuka n'kufika kunyanja ndi mazira.